Tafunsani Malume: Mbiri ya a Kochi ilembedwe bwanji?

Malume,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Ndirande. Bambo anga anatisiya chaka chatha atavutika nthawi yaitali ndi matenda a shuga. Chiliza chatha kumangidwa, ndipo tikufuna kukachivundukula mvula isanayambe. Pa tsiku la maliro mbiri anawerenga ndi amalume athu, koma inali yachidule zedi: tsiku lobadwa, tsiku la ukwati, ana angati, zidzukulu zingati, n'kukhala pansi. Ulendo uno abale akuti ndilembe ndine poti ndine wachisamba.

Bambo anali mkulu wa mpingo wa CCAP, koma mu Ndirande muno aliyense ankangowatchula kuti a Kochi. Ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata, akaweruka n'kulunjika pa bwalo la sukulu kukaphunzitsa anyamata mpira, osalandirapo ngakhale tambala. Anayamba zaka za m'ma 1980, anadzasiya miyendo itayamba kutupa. Anali ndi kope lachikuto chakuda momwe ankalembamo dzina la mnyamata aliyense ndi nambala imene wakhala pa mayeso a teremu. Wojomba kusukulu, Loweruka sankalowa m'bwalo, olo akhale womwetsa zigoli wodalirika. Mpira usanayambe ankawaimika mozungulira n'kupemphera, ndipo Lamulungu m'mawa timu yawo sinkasewera, zivute zitani. Za mankhwala otsirikira golo sankafuna n'kumva komwe.

Akuluakulu ena a kumpingo andiuza kuti za mpira ndisachulutse, mwambowo ndi wa Mulungu. Anyamata amene bambo ankawaphunzitsa, omwe pano ndi azibambo a ndevu zawo, akufuna kubwera atavala majezi, mmodzi ayankhule, kenaka aike wenzulo ya bambo pa chiliza. Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi mchimwene wanga wopondana naye. Akuti, "Ukakayamba kuwatamanda, ine ndikachokapo. Ankagulira ana a eni nsapato za mpira ife tikupita kusukulu zala zili panja." Malume, sakunama. Inenso ndikukumbukira mayi akuchapa majezi a timu yonse m'bafa Lolemba lililonse, ndi sopo wa pakhomo. Koma bambo ndinkawakonda, ndipo ndikudziwa kuti anali munthu wa Mulungu. Ndilembe chiyani?

Wachisamba, Ndirande

Mwanangu, pepani. Chaka chimodzi n'chochepa, ndiye musadabwe kuti cholembera chikukulemerani.

Theka la mbiriyo mwalemba kale m'kalata yanuyi. Ine bambo anu sindinakumane nawo, koma nditawerenga za kope lachikuto chakuda ndi bafa la majezi, ndawaona. Mbiri zambiri zimene timamva m'maliro muno mu Blantyre sizitero. Wowerenga amatchula masiku, sukulu, malo a ntchito, kenaka "malemuwa anali munthu wabwino, wokonda anthu, wosadziwa kukwiya". Mawu omwewo tinawamva dzulo ku Chilomoni, tikawamvanso mawa ku Bangwe, ndipo amene ankakhala naye malemuyo amangoyang'ana pansi podziwa kuti kukwiya ankakudziwa bwino lomwe. Pa tsiku la maliro zimamveka: mitima ili m'mwamba, thupi likudikira, adzukulu atopa. Pa chiliza pamakhala mpata. Anthu amabwera atapuma, misozi itachepa, ndipo amamvetsera.

Masiku ndi zaka musazitaye, koma zitenge ndime imodzi yokha. Chitupa cha ukwati chili ndi mayi. Chaka chimene anadzozedwa ukulu wa mpingo mukafunse kwa mlembi wa seshoni (bwalo la akulu a mpingo), mabuku amasunga. Musalembe za m'mutu, chifukwa pa gulupo padzakhala agogo ena amene anadzozedwa nawo tsiku limodzi, ndipo adzakukonzani mokweza anthu onse akumva.

Zotsalazo mukazitole kwa anthu. Musafunse kuti "bambo anali munthu wotani?" Aliyense adzati anali abwino, mudzabwerako ndi pepala loyera. Anyamata awo aja afunseni kuti, "Ndi tsiku liti limene a Kochi anakupsetsani mtima kwambiri?" Mudzaona munthu wa ndevu akufotokoza mmene anamukhazikira pa benchi tsiku la fainolo chifukwa chothawa masamu Lachitatu, akuseka misozi ili mbwe. Amene ali ku Joni atumize mawu pa WhatsApp. Mwa nkhani zonsezo musankhe ziwiri, zitatu zikachuluka. Zina muzisunge, zidzukulu zidzazifuna.

Kuti ana anu amvetse chifukwa chake munthu wotopa ndi ntchito ya pa fakitale ankapitanso kukaima pa fumbi mpaka mdima, aikeni bambo m'nthawi yawo. M'badwo wawo ndi umene unaona Flames ikutenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 itagonjetsa Zambia kuno kwathu, n'kukachitetezanso ku Kenya mu 1979, masiku a katswiri womwetsa zigoli Kinnah Phiri. Mu 1984 tinapita koyamba ku mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Ivory Coast, mu 1988 chikho chija tinachitenganso. Kanema wa dziko lino kunalibe, anadzayamba mu 1999. Mpira tinkaumvera pa wayilesi ya MBC titaunjikana pakhonde la munthu amene anali ndi mabatire, apo ayi tinkayenda wapansi mpaka ku Kamuzu Stadium ku Chichiri. Mwana aliyense womenya chikulunga m'tinjira ta mu Ndirande ankadzitcha Kinnah. Ndiye munthu akaima pa bwalo atapanira mpira weniweni wachikopa m'khwapa, ana ankamumvera kuposa mphunzitsi wamkulu. Bambo anu anaona zimenezo, n'kuti chabwino, wofuna kugunda mpirawu ayambe waonetsa kope la kusukulu.

Zaka za m'ma 1990 ntchito imeneyo inalemera kwambiri. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994 makalasi anasefukira, ana ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo, moti mphunzitsi sakanatha kudziwa amene wabwera ndi amene wathawira kumsika. Nthawi yomweyo Edzi inali ikukolola, mankhwala otalikitsa moyo aulere anadzafika mu 2004. Ife amene tinalipo tikukumbukira kugona pa siwa lero, mawa kugonanso pa siwa ina kuseri kwa nyumba yomweyo. Tatsegulani kope lija pa masamba a zaka zimenezo, muwawerengere mayi maina. Afunseni kuti mwa ana amenewa ndi ati amene analibe bambo. Yankho lawo likhoza kukupatsani ndime yaikulu ya mbiri yonse.

Tsopano za akuluakulu a mpingo. Ine ndine wa mpingo womwewo, ndiye ndiyankhula monga wa m'nyumba. Mantha awo ndikuwadziwa, ndipo si opanda pake. Tonse taonapo maliro a munthu wa mpira pomwe masapota amafika atalawa, mavuvuzela ali pakamwa, n'kuyambitsa nyimbo za ku sitediyamu zija zosayenera kumveka pamaso pa apongozi, mpaka amayi a Mvano kusiyira nyimbo panjira. Palibe mbusa amene angafune zimenezo pa mwambo wake. Koma kunena kuti mpira wa bambo anu unali kunja kwa chikhristu chawo, pamenepo ndiye ndikukana. Mishoni ya Blantyre, chiyambire mu 1876, sinali ya ulaliki wa Lamulungu wokha. Inkaphunzitsa ukalipentala, kusindikiza mabuku, kuumba njerwa. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chija chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi anthu a konkuno amene ntchitoyo anaiphunzirira pomwepo. Kusonkhanitsa achinyamata n'kuwaphunzitsa chinthu chochita ndi thupi lawo n'kale kunayamba kuwerengedwa ntchito ya mpingo. Ngakhale Paulo, pofuna kufotokoza moyo wachikhristu pa 1 Akorinto 9:24-27, anatengera chitsanzo ku bwalo la masewera. Ndipo 2 Timoteo 4:7, vesi imene timakonda kuilemba pa ziliza, ikunena za munthu amene wathamanga n'kutsiriza.

Nkhani ya mankhwala ija musaidumphe. Amene sanakhalepo pafupi ndi timu sadziwa kulemera kwake. Timu ikagonja kawiri katatu, a komiti amayamba kunong'onezana kuti anzathuwa akutiyenda pansi, tisonkhe ya asing'anga. Taona ndi maso matimu akuluakulu akukana kulowera pa geti n'kumadumpha mpanda, ena akuwaza mchere ndi madzi osadziwika bwino pa golo. Kochi wa timu ya m'dera akanena kuti "pano ayi", ndiye kuti walolera kutukwanidwa timu ikagonja, walolera kuti osewera ena amuthawe. Kukana zimenezo pa guwa n'kosavuta, aliyense amangoti ameni. Bambo anu ankakana ali pa bwalo, zigoli zili 2-0, komiti ikuwayang'ana ndi diso lofiira. Mkulu wa mpingo aliyense ayenera kumva zimenezo, ena mwa ife tichite nazo manyazi.

Chochita chake n'chapafupi. Pitani kwa abusa pasadakhale, inu, mayi ndi amalume anu, osadikira m'mawa wa tsikulo. Mutenge mbiri yolembalemba awerenge okha. Kawirikawiri munthu amaopa zimene sanazione. Pemphani kuti pa ndandanda wa oyankhula pakhale mmodzi woimira anyamatawo, mphindi zitatu, zolemba papepala. Musasankhe amene amadziwa kuyankhula kwambiri, ameneyo sadzakhala pansi. Majezi avale, ochapa bwino, ndi mathalauza aatali. Wolawa atsale kunyumba pamodzi ndi vuvuzela yake. Ngati akufuna kuimba, aimbe nyimbo ya m'buku imene bambo ankaikonda. Ana amene ankapemphera nawo pa bwalo zaka zonsezo sangalephere ndime imodzi.

Wenzulo ine sindingaisiye pa manda. Singagone masiku awiri isanasowe. Komanso ena adzaitanthauzira zina, kuti mukupereka zinthu kwa mizimu, ndiye mwawapatsa akuluakulu aja chonena. Mwini wake wa wenzuloyo tsopano ndi mayi. Ngati pali munthu amene akuphunzitsabe ana pa bwalo lija, ndipo mayi akumukhulupirira, amupatse ndi manja awo anthu akuona. Ngati palibe, aisunge. Kope lokha lisachoke pakhomo. Ofuna ajambule ndi foni, koma muyambe mwawachenjeza kuti manambala awo a sitandade 7 ali momwemo, ana awo angawaone.

Pa nkhani ya mchimwene wanu ndiye ndikhalitsepo. Akunena zoona, inunso mwavomereza. Tsikulo wina adzaimirira n'kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, anthu adzavomera, ndipo palibe cholakwika. Koma mwambi umenewu umakoma m'kamwa mwa amene anathandizidwa. Mwana wa m'nyumbamo amaumva mwina. Malipiro a pa fakitale anali amodzi omwewo. Nsapato za mpira zikagulidwa, china chake pakhomo chinkasowa, ndipo mchimwene wanu akudziwa dzina la chinthucho. Anthu odzipereka ku mpingo, ku sukulu, ku mpira, dera lonse limawathokoza, koma amene amalipira ndi mkazi ndi ana, ndipo iwowa palibe amawatchula. Ndaona ana a abusa, ana a aphunzitsi, ana a akuluakulu a mpingo akukhala kumbuyo pa maliro a bambo awo enieni, akumva anthu achilendo akulira kuti "bambo wathu wapita".

Pa manda si pozengera mlandu, wozengedwayo sangayankhe. Si ponamanso ayi. Mungathe kunena zoona popanda kuwavula bambo pagulu, ngati mutatchula zimene ntchito yawo inadya pakhomo, n'kutchulanso amene anazipirira. Ine ndikanakhala inu ndikanalemba chonchi:

"Bambo athu sanali athu tokha. Tinkagawana ndi ana a Ndirande yense, ndipo masiku ena kugawanako kunkatiwawa. Loweruka anzathu akudya nsima ndi abambo awo, ife tinkadikira kuti mpira uthe. Ndalama imene ikanagula nsapato zathu nthawi zina inkagula za mwana wina, ndipo sitinkamvetsa. Mayi athu ndi amene ankachapa majezi Lolemba lililonse ndi sopo wa pakhomo. Ndi amene ankaonjezera msuzi m'ndiwo anyamata akabwera ndi njala. Inu amene munaleredwa ndi a Kochi, dziwani kuti munaleredwa ndi anthu awiri, ndipo winayo ali pompano."

Mukafika pamenepo imani kaye, anthu awayang'ane mayi. Koma muyambe mwawaonetsa mayiwo ndimeyi. Akati za sopo zichoke, zichoke. Ndipo musaonjezerepo kuti "koma lero tonse tikumvetsa". Ndikudziwa kuti dzanja lidzafuna kutero, chifukwa zimamveka bwino. Ngati mchimwene wanu sanafikebe pomvetsa, mudzakhala mwamunamizira iyeyo m'malo mwa bambo.

Muwerengereni muli awiri, kukadali masiku. Mufunseni chimene akufuna chichoke kapena chilowe. Mufunsenso ngati pali tsiku limodzi labwino limene akulikumbukira ali ndi bambo. Akati palibe, musamukakamize. Mupempheni kuti nsalu yophimba chiliza akaivundukule ndi iye pamodzi ndi mayi. Woimira anyamata uja mumunong'oneze kuti asakathokoze malemu okha, akathokozenso ana a pakhomo, mmodzimmodzi, powatchula maina. Mawu amenewo mchimwene wanu sanawamvepo kwa aliyense chikhalireni. Akakanabe kubwera, msiyeni. Musatume abusa kukamulalikira za kukhululuka sabata yomweyo, mungomuumitsa mtima. Manda sasamuka, adzapita yekha nthawi yake.

Mbiriyo muiwerenge mokweza m'chipinda, wotchi ili patsogolo. Ikapitirira mphindi zisanu ndi ziwiri, dulani. Dzuwa la Okutobala silisewera, ndipo pa gulupo padzakhala okalamba ndi odwala shuga anzawo a bambo, choncho mwambo uyambe m'mawa, madzi akumwa akhalepo. Oyang'anira manda muwadziwitse pasadakhale; ngati bambo anagona kumudzi, amfumu ndi adzukulu amve kuchokera kwa mwini mbumba, osati kwa oimba kwaya. Lembani zilembo zikuluzikulu, pepala lina mupatse munthu wolimba mtima aime pambali panu, mawu akakuthawani apitirize ndi iye.

Chinthu chimodzi simunandiuze: bambo anali a Maule (Bullets) kapena a Manoma (Wanderers)? Lembanimo. Anthu kuseka pang'ono pa chiliza si tchimo. Ngati anali a Manoma ali m'kati mwa Ndirande zaka zonsezo, ine wa Maule ndikuvula chipewa, chimenechonso chilowe m'ndime ya kulimba mtima.

Malume

Malume,

Kochi wathu wa ku Bangwe anamwalira zaka zingapo zapitazo. Anali Mkhristu wokhulupirika, anasiya mkazi ndi ana. Ife amene tinadutsa m'manja mwake tili ndi gulu la pa WhatsApp, ndipo tikufuna kuyambitsa chikho cha mpira wa ana chomukumbukira. Ena akuti tipeze munthu wa ndale atithandize kuti mphoto ikhale yaikulu. Mukuti bwanji?

Goloboyi wakale, Bangwe

Achimwene, maganizo ndi abwino, koma mwayambira kumapeto. Dzinalo si lanu. Pitani kaye kwa amayi amasiyewo, anthu awiri kapena atatu a ulemu wawo, mukapemphe. Mukafikako mukayang'anenso denga ndi fizi ya ana. Kupereka chikho m'dzina la munthu amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi n'kuchititsa manyazi malemuyo.

Za wa ndale, ine ndikuti ayi. Chaka cha zisankho adzabwera ndi majezi a mtundu wa chipani chake, chikhocho chidzatchuka ndi dzina lake, zisankho zikatha simudzamuonanso. Mphoto yaikulu ya ndalama pa mpira wa ana imabweretsanso zimene kochi wanu ankadana nazo: azibambo ometa ndevu usiku n'kudzuka ali ndi zaka 14, mankhwala pa golo, ndeu ndi oyimbira. Yambani ndi matimu anayi a m'dera lanu, Loweruka limodzi, mphoto ikhale mipira, makope ndi zolembera. Wosewera aliyense abwere ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu yosonyeza kalasi yake. Oyimbira mukapemphe kwa akuluakulu oyendetsa mpira m'boma lino, omwe ali pansi pa FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, osati kutola mnzanu wa m'gulu amene mphwake akusewera.

Ndalama zosonkha zisapite pa nambala ya foni ya munthu mmodzi popanda wina woona. Sankhani msungichuma ndi mlembi osakhala pa chibale, aliyense akatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba dzina ndi ndalama zilembedwe pa gulupo tsiku lomwelo, mpikisano ukatha malisiti ajambulidwe aliyense aone. Mukakwanitsa zaka ziwiri motsatizana osakangana, mundilemberenso tikambe zoonjezera matimu.

Malume